Kusiya timu yopambana n'kukatola yakugwa: mphunzitsi amakhala akufunanji?

Ochemerera amati ndi dyera, eni matimu amati ndi bizinesi. Koma maulendo a aphunzitsi a basketball, kuyambira ku Lusaka mpaka ku Miami, akuonetsa kuti timu yakugwa imadzuka mphunzitsi akapatsidwa mphamvu ndi nthawi.

Mu 2011, mtsikana wa ku Australia dzina lake Liz Mills anapita kukaonera masewero a basketball mumzinda wa Lusaka. Zimene anaona zinamukoka mtima, ndipo anapempha akuluakulu a timu ya amuna ya Heroes Play United kuti amulole kuphunzitsa anyamatawo tsiku limodzi. Tsiku limodzilo linabala lachiwiri, lachiwiri linabala sizoni yathunthu, ndipo pakutha pake Heroes inali itanyamula chikho cha dziko la Zambia. Patapita zaka zingapo, Mills yemweyo anali atakhala pa benchi ya Matero Magic, timu ya mumzinda womwewo, yolimbirana chikho chomwecho.

Kwa wochemerera, zotere zimawawa. Munthu amene dzulo munkakuwa naye limodzi, amene akudziwa wosewera wanu wotopa msanga ndi wina amene dzanja lamanzere silimuyendera, lero wavala malaya a adani. Mawu omwe amamveka m'mabwalo ndi odziwika: watigulitsa, watsata ndalama, analibe mtima ndi timu. Zimafika poipa mphunzitsiyo akasiya timu yomwe ikuchita bwino n'kupita ku yomwe ili pansi, chifukwa pamenepo anthu amati palibenso china chamukoka koma thumba.

Ndalama zimakhalapo ndithu, palibe angatsutse. Koma tikawatsata bwino aphunzitsi amene anachita ulendo wotere, tipeza kuti amene anadzutsadi timu yakugwa ndi amene anali ndi mayankho omveka pa mafunso awiri asanasaine: ndani adzasankha osewera, ndipo mundipirira zaka zingati? Amene anapatsidwa malipiro aakulu popanda ziwirizi sanachedwe kulongedza.

Chomwe chimakopa pa timu yakugwa

Achinyamata a ku Katete, Sinda ndi Vubwi amene amatsatira ligi ya NBA ya ku America pa foni akudziwa kuti kayendetsedwe kake n'kosiyana ndi ka bola yathu. Mu ligi ya mpira wamiyendo ya Zambia kapena ya Malawi, timu ikathera kumunsi nkhwangwa imaigwera. Imatsika ku ligi yaing'ono, othandiza ndi ndalama amathawa, osewera abwino amabalalika. Ku NBA kulibe kutsika. Matimu 30 amasewera magemu 82 iliyonse pa sizoni, ndipo ngakhale yomwe yakwapulidwa chaka chonse imabweranso chaka chamawa.

Kuonjezera apo, matimu ogonja ndiwo amakhala ndi mwayi waukulu wosankha koyamba pa draft, tsiku limene matimu amagawana anyamata aluso ochokera m'makoleji ndi m'maiko ena. Palinso malire pa ndalama zimene timu ingalipire osewera ake, choncho yomwe yatulutsa akuluakulu odya zambiri imakhala ndi mpata wotenga ena. Ndipo popeza pabwalo pamakhala anthu asanu okha mbali iliyonse, mnyamata mmodzi waluso lapadera atha kutembenuza timu yonse, zomwe n'zovuta pa bola ya anthu 11.

N'chifukwa chake mphunzitsi wochenjera amatha kuyang'ana timu yake yopambana n'kuona kuti akuluakulu ake akukalamba, malipiro afika pamalire, ndipo pa draft adzasankha kumapeto. Akayang'ana ya pansi amaona malo opanda kanthu oti amangepo zake. Mlimi wa ku Sinda akudziwa kuti woswa mphanje sayembekezera kudzaza nkhokwe chaka choyamba, chaka chimenecho n'chozula zitsa. Kumanganso timu n'chimodzimodzi, kungoti mwini munda amakhala wina, ndipo akhoza kukulanda khasu zitsa zisanathe.

Fakisi ya ku New York

Nkhani yomwe imatchulidwa nthawi zonse pa zoterezi ndi ya Pat Riley. Iyeyu anali atatenga zikho zinayi za NBA ndi Los Angeles Lakers, mu 1982, 1985, 1987 ndi 1988, asanapite ku New York Knicks mu 1991. Knicks inali isanalawe chikho kuyambira 1973. Riley anaisandutsa timu yamakani, yomenyera mpira uliwonse ngati womaliza, motsogozedwa ndi chimphona Patrick Ewing. Pa zaka zinayi zimene anakhalako, palibe sizoni imene Knicks inapambana magemu ochepera 51. Mu 1994 inafika mu ndime yotsiriza n'kugonja pa gemu yachisanu ndi chiwiri kwa Houston Rockets ya Hakeem Olajuwon, mwana wa ku Lagos. Chaka chotsatira inatulutsidwa ndi Indiana Pacers, Ewing ataphonya mpira wapafupi m'masekondi omaliza.

Pa 15 Juni 1995, kontrakiti yake itatsala ndi chaka chimodzi, Riley anatula pansi udindo. Sanapite ku ofesi kukagwirana chanza ndi mabwana ake. Anatumiza kalata pa fakisi. Iye ananena kuti nkhani sinali ya ndalama, koma yakuti ndani ali ndi mawu omaliza pa za osewera. Ku New York mphamvu zimenezo zinali m'manja mwa ena, ndipo mkulu wa zonse, Dave Checketts, sanafune kuzipereka momwe Riley ankafunira.

Kumene ankapita kunali kodabwitsa. Miami Heat inali timu yakhanda, yoyamba kusewera mu 1988, ndipo sizoni imene inangotha inali itapambana magemu 32 n'kuluza 50. Koma mwini wake, Micky Arison, mkulu wa kampani ya sitima zapanyanja za alendo ya Carnival, anavomera zimene New York inakana. Riley anapatsidwa udindo wa mphunzitsi, udindo wa pulezidenti wa timu, komanso gawo la umwini wake. Kuyambira pamenepo wogula osewera, wogulitsa osewera ndi wowaphunzitsa anali munthu mmodzi.

Knicks inakadandaula ku likulu la NBA kuti Miami inayamba kunyengerera mphunzitsi wawo akadali pa kontrakiti, zomwe malamulo a ligi amaletsa. Mlandu unatha Miami italipira madola 1 miliyoni ndi kupereka mwayi wake umodzi wosankha m'chigawo choyamba cha draft. Mu Seputembala chaka chomwecho Riley anaonetsedwa kwa atolankhani m'sitima ina ya Arison, ndipo analonjeza anthu a ku Miami kuti tsiku lina adzaguba ndi chikho mumsewu wa Biscayne Boulevard. Mu Disembala anabwerera ku bwalo la Madison Square Garden atavala za adani. Anthu anamukuwiza mpaka bwalo kugwedezeka. Iye anayenda kufika pakati pa bwalo, n'kumawakodola ndi manja kuti akuwe kwambiri.

Mphamvu zake anayamba kuzigwiritsa ntchito sizoni isanayambe n'komwe. Mu Novembala 1995 anapereka Glen Rice, yemwe anali wogoletsa wodalirika ndi wokondedwa wa ochemerera, ku Charlotte Hornets kuti atenge Alonzo Mourning. Mu Febuluwale 1996 anatenga Tim Hardaway ku Golden State Warriors. Mphunzitsi wamba akanayenera kupempha, kudikira, mwina n'kukanizidwa. Sizoni yoyamba Miami inapambana magemu 42. Yachiwiri inapambana 61, ndipo Riley anasankhidwa kukhala mphunzitsi wopambana wa chaka, kachitatu, ndi timu yachitatu.

Nkhondo ya zaka zinayi

Amene amaganiza kuti kumanga kunathera pamenepo akulakwitsa. Ku New York Riley anasiya wothandizira wake, Jeff Van Gundy, munthu wamfupi wa maso otopa amene anaphunzira kwa iye zonse. Mu Malichi 1996 Van Gundy anapatsidwa timu. Mchimwene wake, Stan Van Gundy, anali wothandizira wa Riley ku Miami. Matimu awiriwa ankasewera mofanana, ankadziwana machenjera, ndipo anakumana mu ndime ya chipulula zaka zinayi zotsatizana, kuyambira 1997 mpaka 2000. Ulendo uliwonse wopambana ankadziwika pa gemu yomaliza penipeni.

Mu 1997 Knicks inali patsogolo ndi magemu atatu kwa imodzi pamene P.J. Brown wa Miami ananyamula Charlie Ward n'kumugwetsera pa ojambula zithunzi okhala m'mphepete mwa bwalo. Anzake a Ward anadzuka pa benchi kukaleretsa kapena kukabwezera, pomwe lamulo limati ndewu ikabuka wokhala pa benchi asasunthe. Osewera asanu a Knicks, kuphatikizapo Ewing, analetsedwa gemu imodzi aliyense, ndipo Miami inapambana magemu atatu otsatizana n'kupitirira.

Chaka chotsatira, m'masekondi omaliza a gemu yachinayi, Mourning ndi Larry Johnson, omwe kale anali limodzi ku Charlotte, anayamba kuponyerana zibakera. Van Gundy anathamangira pakati pawo kukaleretsa. Anapezeka ali pansi, atakumbatira mwendo wa Mourning, munthu wamtali mamita oposa awiri, akukokedwa pabwalo koma osausiya. Mourning analetsedwa gemu yomaliza, ndipo Knicks inakapambana ku Miami komweko.

Chowawa koposa chinachitika mu Meyi 1999. Miami inali itathera pamwamba pa matimu onse a kum'mawa kwa ligi, Knicks inalowa mu chipulula ili ya nambala 8, yomaliza. Pa gemu yachisanu, Miami ikutsogola ndi pointi imodzi, Allan Houston analandira mpira n'kuuponya akuthamanga. Mpirawo unagunda kutsogolo kwa mkombero, unadumphira pa thabwa, kenako unagwera mkati kutatsala masekondi 0.8. Zinathera 78 kwa 77. Mu 2000 zinabwerezanso, Knicks inapambana gemu yachisanu ndi chiwiri ndi 83 kwa 82.

Pa magemu 24 a zaka zinayizo, Knicks inapambana 13, Miami 11. Katatu pa kanayi, timu imene Riley anaisiya inatulutsa timu imene anapitako, ndipo womugonjetsa anali mwana wake wa m'manja. Ku matimu ambiri, mphunzitsi wotere akanaonetsedwa msana wa njira. Arison sanasunthe.

Zaka 11

Mavuto sanathere pa Knicks. Mu 2000, atangobwera ku masewero a Olympics a ku Sydney, Mourning anapezeka ndi matenda a impso, ndipo mzati wa timu unagwa. Mu sizoni ya 2002 mpaka 2003 Miami inapambana magemu 25 okha. Kugonja kumeneko n'kumene kunaipatsa mwayi wosankha kachisanu pa draft ya 2003, ndipo Riley anatenga Dwyane Wade. Riley anasiya kaye benchi kwa Stan Van Gundy n'kutsala mu ofesi, komwe mu 2004 anakoka Shaquille O'Neal kuchoka ku Lakers. Mu Disembala 2005 anabwerera pa benchi.

Mu Juni 2006 Miami inagonja magemu awiri oyamba a ndime yotsiriza kwa Dallas Mavericks, kenako inapambana anayi otsatizana. Mourning, atapatsidwa impso ina mu 2003, anali m'gulu la onyamula chikho. Kuchokera pa tsiku la fakisi kufika pa kuguba kwa mu Biscayne Boulevard panadutsa zaka 11, ndipo mkati mwake Riley anamanga timu kawiri, yoyamba itagwa.

Pali munthu wina amene anayamba ntchito ku Miami m'chaka chomwecho cha 1995. Erik Spoelstra, mnyamata wa mayi wa ku Philippines, ankakhala m'kachipinda kodula ndi kulumikiza matepi a vidiyo a masewero kuti aphunzitsi aone zofooka za adani. Riley anamusunga, n'kumamukweza pang'onopang'ono. Mu 2008, Miami itapambana magemu 15 okha, anamusiyira timu. Spoelstra anatenga zikho mu 2012 ndi 2013, ndipo pa masiku ovuta, pomwe anthu ankati timu ya LeBron James yamukulira, Riley anaima kumbuyo kwake monga momwe Arison anaimira kumbuyo kwa iye. Mu 2024 bwalo losewerera la Miami linapatsidwa dzina la Pat Riley.

Ndalama zambiri, nthawi yochepa

Kuti tione kuti si malipiro amene anachita zimenezi, tiyang'ane amene analandira ochuluka koma osapatsidwa zinazo. Larry Brown anatenga chikho ndi Detroit Pistons mu 2004 n'kufikanso mu ndime yotsiriza mu 2005. Chaka chomwecho anasiyana ndi Detroit n'kupita ku Knicks, yomwe panthawiyo inali itagweratu. Brown anabadwira ku Brooklyn, ndipo ntchitoyi inali loto lake. Anapatsidwa kontrakiti ya zaka zisanu ya madola pafupifupi 50 miliyoni. Koma osewera ankasankha ndi Isiah Thomas, pulezidenti wa timu, ndipo Brown anatha sizoni yonse akukangana poyera ndi katswiri wa timuyo, Stephon Marbury. Knicks inapambana magemu 23, inaluza 59, Brown anachotsedwa chaka chimodzi chokha chitatha, ndipo mpando wake anaukhalira ndi Thomas yemweyo.

Mu 2023 Detroit nayo, itagwa, inapatsa Monty Williams kontrakiti ya zaka zisanu ndi chimodzi ya madola 78.5 miliyoni, ndalama zimene mphunzitsi wa NBA anali asanalandirepo. Williams anali atafikitsa Phoenix Suns mu ndime yotsiriza mu 2021. Ku Detroit anyamata ake analuza magemu 28 otsatizana, anathera pa 14 opambana ndi 68 ogonja, ndipo mkulu watsopano atafika mu ofesi Williams anachotsedwa. Zaka zisanu ndi chimodzi zinali pa pepala basi. Pa nkhaniyi pali chowonadi china chosakomera aphunzitsi otchuka: amene anabwera pambuyo pake, J.B. Bickerstaff, anapambana magemu 44 chaka chotsatira ndi ambiri mwa anyamata omwewo, atawaonjezera akuluakulu ochepa odziwa kuponyera patali. Dzina lalikulu palokha silimanga timu, ndipo nthawi zina vuto limakhala loti mphunzitsi ndi osewera sakuyenerana.

Rick Carlisle ndiye chitsanzo cha mbali inayo. Anakhala zaka 13 ku Dallas, anatenga chikho mu 2011, ndipo mu 2021 anasiya yekha timu yokhala ndi Luka Dončić n'kupita ku Indiana Pacers. Iye sanapatsidwe ofesi ngati Riley, koma iye ndi mabwana ake anagwirizana njira imodzi. Mu Febuluwale 2022 anapereka katswiri wawo Domantas Sabonis kuti atenge mnyamata Tyrese Haliburton. Sizoni imeneyo anapambana magemu 25 okha, yotsatira 35, kenako 47, kenako 50. Ali m'njira anatenga Pascal Siakam wa ku Cameroon. Mu Juni 2025 Indiana inafika pa gemu yachisanu ndi chiwiri ya ndime yotsiriza, ndipo inagonja kwa Oklahoma City Thunder, Haliburton atavulala mwendo m'chigawo choyamba. Zaka ziwiri zoyamba za Carlisle sizinali zokoma kwenikweni kuposa chaka cha Brown. Kusiyana kwake n'kwakuti amene anamulemba ntchito anamupirira.

Kuno kwathu nthawi imawerengedwa m'masabata

Ku Africa kuno mphunzitsi sapatsidwa zaka 11, ndipo ulendo wa Liz Mills atachoka ku Lusaka ukuonetsa zimenezi. Anathandizira timu ya dziko ya amuna ya Zambia, kenako ya Cameroon. Kumayambiriro kwa 2021 anapatsidwa timu ya dziko ya Kenya, ndipo mu Febuluwale, mumzinda wa Yaoundé, Kenya inagonjetsa Angola, yomwe inali itatenga chikho cha Africa ka 11, ndi 74 kwa 73, Tylor Ongwae atagoletsa belu lomaliza likulira. Kenya inapita ku mpikisano wa AfroBasket koyamba kuchokera mu 1993, ndipo ku Kigali Mills anakhala mayi woyamba kutsogolera timu ya amuna pa mpikisanowo. Akuluakulu anati mlendo ndiye adza ndi kalumo kakuthwa, ndipo kalumo kameneka kananoledwa pa mabwalo a ku Lusaka.

Koma taonani momwe anayendera pambuyo pake. Mu 2022 anali ku AS Salé ya ku Morocco, mayi woyamba kutsogolera timu mu ligi ya Basketball Africa League, yomwe NBA ndi bungwe la FIBA anayambitsa mu 2021. Mu 2023 anali ku ABC Fighters ya ku Abidjan. Chaka chilichonse dziko lina, timu ina. Si kusakhazikika kwa munthu mmodzi. Ligi imeneyi imatenga matimu 12, imaseweredwa kwa miyezi yochepa, ndipo kawirikawiri timu imayenera kuyamba yapambana kwawo kuti ilowe. Matimu ambiri amalemba mphunzitsi ndi osewera akunja mpikisano utayandikira, ndipo ukatha aliyense amanyamula chikwama. Pamenepo mphunzitsi amalembedwa kuti akonze zomwe wapeza, osati kuti amange.

Kutsidya kwa malire a Vubwi, ku Malawi, bola inatipatsa nkhani yofanana. Peter Mponda, yemwe anakhala kaputeni wa timu ya dzikolo, Flames, ndipo dzina lake limayendera limodzi ndi Big Bullets ya ku Blantyre, anapita ku Silver Strikers ya ku Lilongwe mu 2024. Silver inali isanatenge ligi kuyambira 2013, pomwe Bullets inali itaitenga kasanu kotsatizana. Mponda anatenga ligi chaka chomwecho, ndipo chaka chotsatira anabwerera ku Bullets. Anthu ambiri akamalemba mphunzitsi amayembekezera zotere. Amaiwala kuti Silver inali kale pakati pa matimu apamwamba, ili ndi osewera komanso thumba la banki kumbuyo kwake. Timu yakugwadi siyenda choncho.

Kalata ya transifa

Matimu a Zambia amene anayesapo kulowa mu Basketball Africa League, monga UNZA Pacers, Matero Magic ndi Munali Suns, ndi a ku Lusaka, makilomita pafupifupi 500 kuchokera ku Katete potsata msewu wa Great East. M'maboma athu atatuwa, awiri mwa iwo, Sinda ndi Vubwi, atangokhala maboma paokha mu 2012, masewero a ana asukulu ndi bola kwa anyamata ndi netball kwa atsikana. Basketball imafuna zomwe masewero awiriwa safuna: pansi pa simenti pa mamita 28 m'litali ndi 15 m'lifupi, mathabwa awiri, ndi mikombero yachitsulo pa msinkhu wa mamita 3.05. Pamene pali bwalo lotere, kawirikawiri pamakhala pa sukulu ya sekondale, ndipo kochi wake ndi mphunzitsi wa m'kalasi amene anaikonda basketball ali ku koleji.

Munthu ameneyu alibe kontrakiti, koma ntchito ya Riley yense ili pa iye. Ndiye amasankha osewera, poyang'ana mwana wamtali amene wangofika kumene n'kumuuza kuti abwere ku bwalo akaweruka. Ndiye amapita kwa wowotcherera zitsulo pamsika mkombero ukapindika. Ndiye amasunga mipira iwiri ndi pampu m'nyumba mwake, chifukwa ikagona m'chipinda cha zamasewera siona m'mawa. Ndiye amakagogoda kwa ahedi kupempha ya mafuta a galimoto yopita ku mpikisano wa masukulu. Mwana amene sankadziwa kudunda mpira ndi dzanja lamanzere amafunika zaka zitatu kapena zinayi kuti akhale wosewera, ndipo zakazo zikakwana amalemba mayeso n'kuchoka. Timu ya sukulu imamangidwanso chaka ndi chaka.

Ndiye tsiku lina imabwera kalata yochokera ku maofesi a zamaphunziro, kapena mphunzitsiyo amapempha yekha kusamukira kufupi ndi banja lake kapena kumene kuli nyumba ndi magetsi. Palibe amamutcha wogulitsa timu, palibe amalipira chindapusa cha madola 1 miliyoni. Koma pa mpikisano wa chaka chamawa amatulukira ndi ana a sukulu ina, ndipo ku sukulu imene anaisiya anthu ayamba kuyanika chimanga pa bwalo la simenti lija. Mabwalo amafa motere, osati chifukwa choti mphunzitsi anachoka, koma chifukwa zonse zinali m'mutu mwake ndi m'nyumba mwake.

Mpata womanga mabwalo ulipo tsopano kuposa kale. Mu 2022 boma la Zambia linakweza thumba la chitukuko la CDF kuchoka pa K1.6 miliyoni kufika pa K25.7 miliyoni pa dera lililonse la phungu, ndipo chaka chimenecho maboma athuwa anali ndi madera asanu: Mkaika, Milanzi, Sinda, Kapoche ndi Vubwi. Zofunika patsogolo n'zambiri, makalasi, madesiki, zipatala ndi mijigo, ndipo makomiti a chitukuko a m'mawodi ndiwo amayamba kusankha. Koma ngati dera lina lingaganize zothira simenti ya bwalo, lidziwe kuti simentiyo ndi mbali yosavuta. Chovuta ndi munthu woti aimepo madzulo aliwonse kwa zaka zinayi.

Chimene ahedi ndi makomiti a makolo angatenge pa nkhani ya Miami si mamiliyoni ake. Mphunzitsi wa zamasewera apatsidwe mawu pa ntchito yake: nthawi yokhazikika pa ndandanda ya sukulu, kandalama kodziwika pa temu, ufulu wosankha ana ake. Asamuweruze ndi mpikisano wa chaka choyamba. Ndipo kuyambira tsiku loyamba pakhale wachiwiri pambali pake, mphunzitsi mnzake kapena wophunzira wakale wokhala pafupi, amene akulemba zochita za tsiku lililonse ndipo akudziwa kumene kuli pampu. Knicks inapirira kuchoka kwa Riley chifukwa Van Gundy anatsala, Miami inapitirira kupambana Riley atatsika pa benchi chifukwa Spoelstra anali atakonzedwa kwa zaka 13. Mphunzitsi aliyense adzachoka, kaya pa fakisi kaya pa kalata ya transifa. Sukulu imene ikufuna timu ifunse lero kuti akachoka atsala ndani.